Octopus wamkulu kuposa onse: makilogalamu 71, 75 kapena 272?

Mukamafufuza za wamkulu kuposa onse mwa ma octopus, nyama zofewa za mikono 8 za m'nyanja zamchere, mukumana ndi manambala atatu omwe amangobwerezedwabwerezedwa: makilogalamu 71, makilogalamu 75 ndi makilogalamu 272. Anthu amawandandalika pamodzi ngati anapezeka m'njira imodzi, chonsecho kapezekedwe kake n'kosiyana kwambiri. Nambala ya 71 inawerengedwa pa sikelo nyamayo ili moyo. Ya 75 ndi yowerengetsera, yochokera pa mtembo umene unali utaduka mbali zina. Ya 272 ndi yongomva, akatswiri sanaitsimikizepo. Ndiye tisanatchule wopambana, tiyambe tadziwa chimene chimayezedwa pa nyama yopanda fupa, ndi mmene muyesowo umasokonekera. Apa m'pamene pagona nkhani.

Chithumba chachikulu chimene chimalendewera kumbuyo kwa maso, chomwe ambiri amachiyesa mutu, ndiye thunthu la nyamayi. Akatswiri amachitcha mantle. M'kati mwake ndi mmene muli chifu, impso, ziwalo zoberekera, ziwalo ziwiri zopumira, mitima itatu ndi kathumba ka inki. Mutu weniweni ndi wochepa: ndi pamene pali maso awiri aja, ubongo uli pakati pake. Kumutuko n'kumene kwamera mikono 8, yolumikizana m'tsinde mwake ndi chikopa chopyapyala ngati cha pakati pa zala za bakha. Mukaitembenuza nyamayo n'kuyang'ana pamene mikono yonse yakumana, mupeza pakamwa, pomwe pali mlomo wolimba wopindika ngati wa chinkhwe. Kunsi kwa mutu kuli kapaipi kotulutsira madzi popuma ndi pothawa. Kunsi kwa mkono uliwonse kuli timakapu tomata tondondozana, timene nyamayi imagwirira zinthu ndi kulawira.

Fupa mulibe ngakhale limodzi. Cholimba chenicheni ndi mlomo uja, n'chifukwa chake octopus amatha kupyola pa kabowo kongokulirapo pang'ono kuposa mlomo wake. Mkono ndi mnofu wokhawokha umene kuchuluka kwake sikusintha: ukafupika umanenepa, ukatalika umaonda. Mfundo imeneyi muisunge, poti zolakwika zambiri za kayezedwe zimachokera pomwepa.

Kuyeza nyama yotanuka

Miyeso imene imagwiritsidwa ntchito ilipo inayi, ndipo kudalirika kwake n'kosiyana. Woyamba ndi utali wa mantle. Nyamayo imagonekedwa chafufumimba pa thebulo, ndipo tepi imayambira pakatikati pa maso awiri mpaka kumapeto kwa chithumba chija. Uwu ndiwo akatswiri amaukhulupirira kwambiri, chifukwa mantle satanuka mmene mikono imachitira. Wachiwiri ndi utali wonse, kuchokera kumapeto kwa mantle kukafika kunsonga ya mkono wautali kuposa inzake. Wachitatu ndi kutambasuka kwa mikono: nyamayo imayalidwa ngati nyenyezi, n'kuyeza kuchokera kunsonga ya mkono umodzi kukafika kunsonga ya mkono woyang'anizana nawo. Wachinayi ndi kulemera.

Kutambasuka kwa mikono ndi kumene olemba nkhani amakonda, chifukwa nambala yake imatuluka yaikulu. Taganizani octopus wa mikono yotalika mamita 2 ndi mantle wa theka la mita. Utali wake wonse ndi pafupifupi mamita 2.5, koma akayalidwa ngati nyenyezi apitirira mamita 4. Nyama yake ndi yomweyo. Wolemba akangoti "wotalika mamita 4" osanena kuti ndi muyeso uti, wowerenga amaona m'maganizo mwake chinyama chachikulu kwambiri kuposa chenichenicho. Kuwonjezera apo, mnofu wa octopus wakufa umalefuka, moti anthu awiri akagwira uyu mkono uwu, uyu mkono uwo, n'kukoka, tepi imangowonjezera masentimita. Kayezedwe koyenera n'kakuti mkono uwongoledwe pa thebulo lonyowa mpaka uleke kupindika, osaukoka, ndipo woyezayo alembe ngati mkonowo uli wathunthu. Ma octopus ambiri amakhala ndi mkono umodzi kapena iwiri yodukapo yomwe ikuphukanso, ndipo mkono wophukanso umakhala waufupi ndi wowonda mwadzidzidzi pamene unadukira. Umenewo suyenera kulowa pa muyeso.

Kulemera nakonso kuli ndi misampha yake. Mantle ndi thumba lopopa madzi, ndipo octopus wamkulu akavuulidwa amatuluka ndi madzi ambiri m'kati. Lita imodzi ya madzi amchere imalemera kupitirira pang'ono kilogalamu imodzi, choncho malita atatu otsalira m'thumbamo ndi makilogalamu atatu abodza. Woyeza wosamala amayamba wayeza basiketi kapena thumba la ukonde lili lopanda kanthu koma lonyowa. Kenako amaikamo nyamayo, n'kuipendeketsa kuti madzi atulukire pakhomo la mantle, n'kudikira kuti kudontha kuleke asanawerenge sikelo. Ngati nyamayo ili moyo ndipo ibwezedwa m'madzi, zonsezi zichitike mwachangu ndi manja onyowa, poti kumtunda siipuma bwino ndipo khungu lake silichedwa kusupuka. Pambali pa nambalayo palembedwe mmene nyamayo inalili: yamoyo, yongofa kumene, yochotsedwa zam'mimba, yosungunulidwa kuchokera mufiriji, kapena yosungidwa m'mankhwala. Youmitsidwa mufiriji imataya madzi ikamasungunuka. Ya mu formalin kapena mu spiriti imakhwinyata n'kufupika. Mtembo umodzi womwewo ungapereke manambala atatu osiyana pa masiku atatu.

Za zithunzi ndiye musazidalire n'komwe. Munthu wovala galasi losambirira amaona zinthu za m'madzi zitakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kamera ikayandikira mkono wa octopus munthu ali chakumbuyo, nyamayo imaoneka ngati ingamumeze. N'chifukwa chake makina ofufuzira pansi pa nyanja amawalitsa timadontho tiwiri ta laser totalikirana mtunda wodziwika, kuti pa chithunzipo pakhale poyerekezera.

Pamene mtembo palibe, mlomo umathandizako. Sugayika msanga m'mimba mwa namgumi kapena shaki, ndipo pali masamu olumikiza utali wa mbali ina ya mlomo ndi kulemera kwa mwini wake. Koma masamuwo amapangidwira mtundu umodziumodzi, kuchokera pa nyama zimene zinayezedwadi. Mukawagwiritsa ntchito pa mlomo waukulu kuposa milomo imene anapangira masamuwo, nambala imathawa.

Chimphona cha kumpoto kwa Pacific

Wa makilogalamu 71 uja ndi wa mtundu wa Enteroctopus dofleini, umene pa Chingerezi umadziwika kuti giant Pacific octopus. Umapezeka m'mphepete mwa nyanja ya Pacific chakumpoto, kuyambira ku California, kukwera ku British Columbia ndi Alaska, kudutsa zilumba za Aleutian, mpaka kutsikira ku Russia, Japan ndi Korea. Ndi nyama ya madzi ozizira, ndipo imakhala kuyambira m'maiwe a m'matanthwe a pagombe mpaka pakuya kopitirira mamita 1,000.

Wamkulu wamba amalemera makilogalamu pafupifupi 15, ndipo mikono yake imatambasuka mpaka mamita 4 kapena kupitirira pang'ono. A makilogalamu 50, otambasuka mamita 6, anayezedwapo, koma ndi osowa. Wa 71 ndiye wolemera kwambiri pa onse amene muyeso wawo akatswiri amauvomereza. Pamwamba pa apa pali malipoti a oposa makilogalamu 100, kuphatikizapo wa 272 uja, amene amati mikono yake inatambasuka mamita 9. Sindikunena kuti amene anafotokoza zimenezi ananama. N'kutheka anaonadi nyama zazikulu modabwitsa. Koma nambala yosanena sikelo imene inagwiritsidwa ntchito, yosanena ngati madzi anakhetsedwa, yopanda mtembo woti wina aunikenso, malo ake ndi pa mndandanda wina, osati pamodzi ndi 71.

Mkono uliwonse uli ndi mizere iwiri ya timakapu, pafupifupi 280 pa mkono umodzi, kutanthauza 2,240 pa wamkazi wathunthu. Wamphongo amakhala ndi tochepera, chifukwa nsonga ya mkono wake wachitatu wa kumanja ilibe timakapu, ndi yoberekera. Tatikulu kwambiri timakhala chakutsinde, ndipo tina timafika masentimita 6 m'mimba mwake.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri pa nyamayi ndi liwiro la kakulidwe kake. Imaswedwa ili ngati kanjere ka mpunga, yolemera pafupifupi magalamu 0.03, ndipo imakhala moyo zaka zitatu mpaka zisanu basi. Kuchoka pa magalamu 0.03 kufika pa makilogalamu 30 ndi kuchulukitsa kulemera ka 1 miliyoni. Tiwerengere limodzi. Ikamawonjezera pafupifupi 0.9 peresenti ya kulemera kwake tsiku lililonse, imawirikiza kawiri pa masiku 77 aliwonse, ndipo kuwirikiza kotere ka 20 ndiko kumafikitsa pa miliyoni. Masiku 77 kuchulukitsa ndi 20 ndi masiku 1,540, zaka zinayi ndi miyezi ingapo. Kunena zoona kakulidweko sikayenda mofanana chonchi moyo wonse: kamathamanga nyamayo ikali yaing'ono n'kumachepa ikamakula, komanso kamadalira chakudya ndi kutentha kwa madzi. Komabe masamuwa akuonetsa chifukwa chake miyezi iwiri kapena itatu yowonjezera pa moyo ingasiyanitse octopus wamba ndi wodabwitsa anthu.

Chakudya chake ndi nkhanu, nkhono za zigoba ziwiri, nsomba, ngakhale ma octopus anzake. Chigoba imatsegula m'njira zitatu: imachikanula ndi timakapu, ikalephera imachibenthula ndi mlomo, ikalepheranso imaboola kabowo kakang'ono n'kuthiramo malovu amene amalefula nyama ya m'katimo. Zigoba zotsala imazitaya pakhomo pa phanga lake, ndipo mulu umenewu ndiwo umalozera osambira pansi pa madzi kuti phanga ili lili ndi mwini. Poti ilibe mafupa oti imange, ndiponso siwononga chakudya pofunditsa thupi, gawo lalikulu la zimene yadya limasanduka mnofu. Magazi ake ndi abuluu, chifukwa mpweya umanyamulidwa ndi hemocyanin, yomwe ili ndi kopa m'malo mwa ayironi, ndipo imagwira bwino ntchito m'madzi ozizira. Mitima iwiri imakankhira magazi ku ziwalo zopumira, wachitatu umawatumiza m'thupi lonse. Wachitatuwu umadukiza kugunda nyamayo ikamasambira mopopa madzi, n'chifukwa chake octopus wamkulu amakonda kukwawa pansi ndipo sachedwa kutopa akathamangitsidwa.

Chimene chimaika malire pa kukula kwake ndi kubereka. Wamphongo amapereka umuna m'mapaketi aatali ngati chingwe, ofika mita imodzi, kudzera pa mkono wachitatu uja, ndipo pakapita miyezi yochepa amafooka n'kufa. Wamkazi amalowa m'phanga, n'kutseka khomo ndi miyala, n'kupachika kudenga mazira masauzande makumi angapo m'tizingwetizingwe. Amawasamalira kwa miyezi pafupifupi 6, kapena kupitirira madzi akazizira kwambiri: kuwapukuta ndi nsonga za mikono kuti asamere ndere, kuwapemerera madzi ndi kapaipi kuti apeze mpweya. Nthawi yonseyi sadya. Pofika poti mazira aswe amakhala atataya theka la kulemera kwake kapena kuposerapo, ndipo amafa pasanapite nthawi. Amabereka kamodzi kokha. Kuzizira kumatalikitsa ntchitoyi mochititsa chisoni: wamkazi wa mtundu wina, Graneledone boreopacifica, anaonedwa ali pa mazira ake kwa miyezi 53, kuyambira 2007 mpaka 2011, pakuya kwa mamita pafupifupi 1,400 mu Monterey Canyon, chigwa cha pansi pa nyanja ku California.

Zimene zimayendetsa kufooka kumeneku ndi tiziwalo tiwiri ta pafupi ndi ubongo totchedwa optic gland. Mu 1977 Jerome Wodinsky anaonetsa pa mtundu wina waung'ono wa ku Caribbean kuti tiziwaloti tikachotsedwa, wamkazi amasiya mazira, amayambanso kudya ndipo amakhala moyo nthawi yotalikirapo. Kwa woyeza, izi zikutanthauza kuti wamkazi wopezeka pa mazira, kapena wamphongo woyendayenda masana khungu lili zilonda, sakupereka kulemera kumene anali nako pa msinkhu wake wabwino.

Pali nkhani yakale imene imaonetsa kuopsa kwa kutcha dzina mnofu wosadziwika mwini. Chakumapeto kwa 1896, pa gombe la pafupi ndi St. Augustine ku Florida panapezeka chimulu cha mnofu cholemera matani angapo. Addison Emery Verrill wa ku yunivesite ya Yale, katswiri wodziwika wa nyama zimenezi, ataona zithunzi ndi makalata anati ndi octopus, n'kumupatsa dzina loti Octopus giganteus mu 1897. Atalandira zidutswa za mnofuwo n'kuziunika yekha anabweza mawu ake chaka chomwecho, n'kunena kuti zikuoneka kuti ndi za namgumi. Dzinalo linakanirirabe m'mabuku a zodabwitsa kwa zaka pafupifupi 100, mpaka kuunika kwa mu 1995 ndi mu 2004 kunaonetsa kuti unali mnofu wolimba wa pansi pa khungu la namgumi, umene umagwira mafuta.

Wa mikono 7 amene ali ndi mikono 8

Wa makilogalamu 75 ndi Haliphron atlanticus, nyama yosiyana kotheratu ndi yoyamba ija. Alibe phanga. Amayandama m'kati mwa nyanja yakuya, kutali ndi gombe, ndipo amapezeka mu Atlantic ndi mu Pacific momwe. Thupi lake ndi lofewa, lodzaza madzi, lonjenjemera mukaligwira. Mikono ndi yaifupi poyerekeza ndi thupi, ndipo chikopa cha pakati pake chimafika patali. Japetus Steenstrup wa ku Denmark ndiye anamufotokoza mu 1861. Dzina loti seven-arm octopus linabwera chifukwa cha wamphongo, amene amapinda mkono wake woberekera n'kuubisa m'kathumba pansi pa diso la kumanja, moti mukawerenga mumapeza 7. Pa wamkazi yonse 8 imaoneka, ndipo chimphona ndi iyeyo. Wamphongo ndi wamng'ono kwambiri.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, ofufuza za nsomba akukoka khoka pakuya kwa mamita 920 kum'mawa kwa Chatham Rise, chikweza cha pansi pa nyanja ku New Zealand, anavuula wamkulu kwambiri wa mtunduwu. Steve O'Shea ndiye anamuyeza: mantle masentimita 69, utali wonse mamita 2.9, kulemera makilogalamu 61. Mtembowo unali wosakwanira, mbali zina kulibe, ndiye anawerengetsera kuti ali moyo ankalemera pafupifupi makilogalamu 75 ndipo ankatalika mamita 3.5 kapena kupitirira.

Ndiye wamkulu ndani? Ngati mukufuna nambala imene inaoneka pa sikelo, ndi dofleini, 71 kupambana 61. Ngati mukuvomereza kuwerengetsera kwa katswiri, Haliphron ali patsogolo ndi makilogalamu anayi. Kwa ine makilogalamu anayi pa nyama yodzaza madzi chonchi ndi ochepa kuposa kulakwitsa kumene kungachitike poyeza, choncho ndimawaika awiriwa pa mzere umodzi. Chofunika kudziwa n'chakuti kilogalamu ya dofleini ndi mnofu wogwira, wotha kukanula chigoba, pamene ya Haliphron yambiri ndi madzi. Komanso ma dofleini amagwidwa ndi asodzi ambirimbiri chaka chilichonse, pamene ma Haliphron akuluakulu amene anafikapo m'manja mwa anthu ndi owerengeka. Ngati nambala ina idzaphwanyidwe, ndikuona kuti iyamba ndi ya Haliphron.

Mu 2017 Henk-Jan Hoving ndi Steven Haddock, pogwiritsa ntchito makanema a MBARI, bungwe lofufuza za m'nyanja la ku California, ndi zopezeka m'mimba mwa mitembo, anaonetsa kuti Haliphron amadya ma jellyfish, nyama zofewa zamadzimadzi zoyandama m'nyanja. Pa kanemayo wamkazi akuoneka atafumbata jellyfish m'mikono yake. Chakudya chamadzimadzi chimakwanira nyama imene sithamanga ndipo thupi lake silifuna zambiri kuti liyandame.

Ndani ndi m'bale wa ndani

Ma octopus onse ali m'gulu lalikulu la Mollusca, limodzi ndi nkhono. M'menemo ali m'chigawo cha Cephalopoda, mawu a Chigiriki otanthauza mutu ndi phazi, pamodzi ndi ma squid, ma cuttlefish ndi nautilus. Nautilus yekha ndiye akali ndi chigoba chenicheni chakunja, otsalawo amagawika pawiri. A Decapodiformes, omwe ndi ma squid ndi ma cuttlefish, ali ndi mikono 8 kuphatikiza ina iwiri yaitali yogwirira nyama, ndipo timakapu tawo tili ndi timphete tolimba, nthawi zambiri ta mano. A Octopodiformes alibe iwiri yaitaliyo, ndipo timakapu tawo ndi mnofu wokhawokha. Kusiyanitsa uku n'kofunika, chifukwa zithunzi zina zolembedwa kuti octopus wamkulu zimakhala za squid. Colossal squid wa makilogalamu 495 amene anagwidwa ku Ross Sea, pafupi ndi Antarctica, mu 2007, yemwe akusungidwa ku nyumba yoonetsera zinthu ya Te Papa mumzinda wa Wellington ku New Zealand, amalemera pafupifupi ka 7 kuposa octopus wolemera kwambiri woyezedwa, koma ali mbali inayo.

M'kati mwa Octopodiformes muli vampire squid, amene ali payekha m'gulu lake, ndi Octopoda, momwe muli ma octopus enieni a mitundu pafupifupi 300. Octopoda ili ndi nthambi ziwiri. A nthambi ya Cirrina ndi a m'nyanja yakuya: ali ndi zipsepse ziwiri pa mantle, kachigoba ka m'kati kochirikiza zipsepsezo, mzere umodzi wa timakapu wokhala ndi tinyanga tofewa m'mbali, ndipo alibe inki. Muno ndi mmene muli dumbo octopus, amene mu 2020 kunalengezedwa kuti anajambulidwa pakuya kwa mamita pafupifupi 7,000 mu Java Trench, chiphompho cha pansi pa nyanja ya Indian. Akuluakulu a nthambiyi amafika mita imodzi ndi theka kapena kupitirira, koma ndi opepuka. A nthambi ya Incirrina alibe zipsepse ndi tinyangato, ndipo zimphona zathu zonse ziwiri zili muno.

Koma zili m'mabanja otalikirana. Haliphron ali yekha m'banja la Alloposidae, ndipo abale ake apafupi ndi argonaut ndi blanket octopus, onse oyandama m'kati mwa nyanja, onse akazi aakulu, amuna ang'ono. Pa blanket octopus, wa fuko la Tremoctopus, kusiyanaku kumafika pena: wamkazi mamita 2, wamphongo masentimita 2.4. Enteroctopus ali mbali ya okwawa pansi, m'banja la Enteroctopodidae. Ndiye kuti ukulu unabwera kawiri mosadalirana, ndipo kukula si chizindikiro cha ubale. M'banja la Enteroctopodidae lomwelo muli a fuko la Muusoctopus, ambiri mwa iwo ang'onoang'ono.

Mayina amasintha, ndipo izi zimasokoneza munthu akamawerenga mabuku akale. Dzina la sayansi lili ndi mawu awiri, loyamba la fuko, lachiwiri la mtundu. Gerhard Wülker atafotokoza chimphona cha Pacific mu 1910 anachitcha Polypus dofleini, polemekeza Franz Doflein, katswiri wa ku Germany amene anatolera zamoyo za m'nyanja ku Japan. Kenako kwa zaka zambiri chinkalembedwa kuti Octopus dofleini. Mu 1998 Eric Hochberg anachisamutsira ku fuko la Enteroctopus, ndipo mu 2014 kuunika kwa DNA kunachotsa fukoli m'banja la Octopodidae n'kuliika m'banja latsopano lija. Mukakumana ndi mayina atatuwa, dziwani kuti nyama yake ndi imodzi.

Nyama ikakhala pa thebulo ndipo mukufuna kudziwa mtundu wake, musayambe ndi maonekedwe a khungu. Wamoyo amasintha maonekedwe m'kanthawi kosakwana sekondi, wakufa amatuwa, ndipo makwinya a khungu amafafanizika. Yambani ndi mikono. Imawerengedwa iwiriiwiri kuchokera kumsana: yoyamba ndi ya pamwamba, kutsogolo kwa maso, yachinayi ndi ya kunsi pafupi ndi kapaipi, ndipo kumanja ndi kumanja kwa nyamayo, osati kwanu. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaphonyera, n'kulemba wamphongo kuti ndi wamkazi chifukwa anayang'ana mkono wachitatu wa kumanzere. Pa wachitatu wa kumanja yang'anani nsonga: ikakhala yopanda timakapu, yokhala ndi kangalande, ndi wamphongo. Pa Enteroctopus nsonga imeneyi ndi yaitali ndi yopyapyala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mkono wonse, pamene pa Octopus vulgaris ndi kachidutswa kakang'ono zedi. Kenako onani ngati timakapu tili m'mizere iwiri kapena umodzi. Eledone ndi Graneledone ali ndi umodzi. Tsegulani mantle chakunsi, muone ngati kathumba ka inki kalipo, ndipo muwerenge timasamba ta mbali yakunja ya chiwalo chopumira: pa dofleini timakhala 12 mpaka 15. Ngati nyamayo ikali moyo, jambulani khungu lake ili m'madzi, poti Enteroctopus amadziwikanso ndi makwinya oyenda chamulitali pa mantle ndi tinyama tophwatalala ngati nkhafi totukuka pakhungu. Pomaliza dulani kachidutswa ka mkono muike mu ethanol wa 95 peresenti musanathire formalin, chifukwa formalin amawononga DNA, ndipo mukaiwala sitepe imeneyi palibe kubwerera.

Otsatira pambuyo pa zimphona ziwirizi ali kutali. Enteroctopus magnificus wa ku gombe la Namibia ndi South Africa, wofotokozedwa mu 1992, amafika mamita 1.8 ndi makilogalamu 11. Macroctopus maorum wa ku New Zealand ndi kumwera kwa Australia amafika makilogalamu 12. Enteroctopus megalocyathus wa ku Chile ndi Argentina nthawi zambiri amalemera makilogalamu 4. Onani kuti onsewa ndi a m'madzi ozizira. Octopus vulgaris wa ku Mediterranean ndi kum'mawa kwa Atlantic ali ndi mantle wa masentimita 25 ndi mikono ya mita imodzi, ndipo akakulitsitsa amayandikira makilogalamu 10. Wamng'ono kwambiri ndi Octopus wolfi, wa masentimita 2.5, wosakwana galamu imodzi.

Ngakhale dofleini weniweniyo, nkhani yake sinathe. Kuunika DNA ya ma octopus a ku Prince William Sound ku Alaska kunaonetsa kuti pakati pa omwe onse ankatchedwa dofleini panali magulu awiri osiyana. Nathan Hollenbeck ndi David Scheel a ku Alaska Pacific University anapita kukayang'ana ma octopus okodwa m'misampha ya asodzi a shrimp, ndipo mu 2017 analengeza kuti gulu lachiwirilo limazindikirika ndi maso: lili ndi mphonje ya khungu yoyenda m'mbali mwa mantle, ndi madontho awiri oyera kutsogolo kwa mutu pamene dofleini ali ndi limodzi. Analitcha frilled giant Pacific octopus. Miyeso yakale ya kuderali inalembedwa yonse pansi pa dzina limodzi, ndipo pamene woyezayo sanasunge chithunzi kapena kachidutswa ka mnofu, palibenso njira yodziwira kuti pa sikelo panali uti mwa awiriwa.